Wailesi ya mu Vaneti ya Apongozi

Ndiyambe ndi kuulula, popeza ambiri amene akanandiseka anatsogola kale: ine sindinakhalepo munthu wa magetsi. Ndinagwira ntchito pa mgodi ku Kitwe zaka zambiri, zimenezo n'zoona, koma malo anga anali m'nyumba ya nyali. Anthu akatuluka pansi ankandibwezera nyali zawo za pachipewa, ine n'kuzipukuta, kuthira madzi m'mabatire ake, n'kuzikoleka kuti zitchajike. Magetsi amene ndinkawadziwa anali amenewo basi. Koma kwa miyezi ingapo komboni yonse ya Ndeke inkanditchula kuti a Magetsi, ine n'kumavomera, mpaka tsiku limene dzinalo linandivula pamaso pa mpingo wathunthu ku Ndola.

Bodzalo sindinaliyambe ndine (muona kuti ndikudzitchinjiriza kale). Analiyamba ndi amalume anga, amene anali nkhoswe yanga pokafunsira Esnati, mwana wa a Sakala. A Sakala anali mkulu wa mpingo wa Dachi, munthu wa kwathu ku Katete, wosalankhulalankhula, amene anagwira ntchito pansi zaka zochuluka ku Mufulira asanapume n'kutsegula golosale ku Ndeke. Atamva kuti ine ndine Mkatolika, nkhope yawo inachita mdima. Kenako anafunsa za ntchito yanga. Amalume, osaphethira n'komwe, anayankha kuti mnyamatayu ali ku magetsi, pa mgodi. Nkhope ija inamasuka pang'ono. Ine ndinali nditakhala pansi pakona, chipewa pabondo, ndipo ndinangowerama ngati munthu wodzichepetsa amene sakonda kutamandidwa. Sabata yomweyo ndinakagula tesitala, kasikuludilaiva kaja kokhala ndi kababu m'kati, n'kumakayenda nako m'thumba la malaya kuti mutu wake uzionekera.

Zinali zaka zija ufulu udakali watsopano, mkuwa ukuyenda bwino, aliyense akugula kanthu. Azungu ena ankanyamuka n'kumagulitsa katundu wawo, ndipo a Sakala, amene anali kale ndi vaneti yakale yokatengera katundu ku Ndola, anagula kwa mzungu wina womanga nyumba mawailesi awiri olankhulirana. Imodzi mzunguyo anawaikira yekha mu golosale, pamwamba pa shelefu ya sopo, mlongoti wake n'kuumangirira ku denga. Inayo, ya m'galimoto, anangowapatsa m'katoni chifukwa anali pa changu. Iwo sanadandaule. Anati palibe chifukwa chovutitsira anthu ena pamene m'banja mukulowa munthu wa magetsi.

Uthenga unandipeza kudzera mwa Esnati, Lachinayi. Anati atate akufuna ndikaike wailesi mu vaneti mawa ndikaweruka, chifukwa Loweruka akunyamula amayi a Chigwirizano cha mpingo wawo kupita nawo ku msonkhano ku Kawama, ku Ndola, ndipo akufuna azilankhulana ndi amayi ake, amene mwendo unkawavuta ndipo ankatsala mu golosale. Atatha kunena anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ndikwanitsa. Ndinaseka. Ndinamuuza kuti mawaya ndi awiri okha, wofiira ndi wakuda, ngakhale nkhuku ingaike.

Lachisanu cha m'ma thu koloko ndinafika nditavala ovolosi yochapa. Vaneti inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale. A Sakala anali atatulutsa mpando n'kukhala chapafupi, manja pa ndodo, kuti aone mmene ntchito ya ophunzira imagwiridwira. Chimenecho ndiye sindinachiyembekezere. Ndinkaganiza kuti ndikhala ndekha, ndizilakwitsa mwamtendere.

Zoyamba zinayenda bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwononga. Wailesi ndinaimangirira pansi pa dashibodi ndi masikuluwu anayi, inakhala nji. Mlongoti ndinaumanga pa chitsulo cha kuseri kwa kabini. Waya wakuda ndinaupanikiza ndi bawuti ku chitsulo cha galimoto, monga ndinaonera wina akuchita kalekale. A Sakala anagwedeza mutu kawiri. Unatsala waya wofiira, umene umayenera kupita ku batire. Batire linali kutsogolo, m'boneti. Wayawo unali waufupi, sunafike ngakhale theka la njira, ndipo bowo lodutsira sindinalione. Munthu wanzeru akanati, Atate, ndibwera mawa ndi waya wautali. Ine ndinati amisiri a masiku ano sapitanso ku batire, amatapa moto pafupi.

Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, n'kuyang'ana m'mwamba. Munali mawaya ngati mizu ya kachere, onse akuda ndi fumbi, osadziwika mtundu. Ndinayamba kuwabaya mmodzimmodzi ndi tesitala yanga. Wachitatu kababu kanayaka. Ndinamusenda ndi lezala, n'kupotokolerapo wofiira uja, ndipo wailesi inati phwaa, kuyamba kusokosera. Ndinatuluka ndikudzisasa fumbi kuti ndilandire ulemu wanga. Nditangoimirira, wailesi inazima. Ndinalowanso, inayaka. Ndinatuluka, inazima. Kachitatu a Sakala anafunsa modekha ngati wailesiyi izifuna kuti ine ndizigona pamenepo ulendo wonse wa ku Ndola.

Chimene chinkachitika n'chakuti ndikagona, chigongono changa chinkatsamira pa buleki, ndipo waya amene ndinasankhayo anali wa nyali za buleki. Ndinazindikira ndekha, ndiyamikeni pamenepo. Ndinawauza kuti kumeneko kunali kuyesa chabe.

Ndinafunafunanso mpaka ndinapeza waya wina wotsika m'mbali mwa chitsulo cha chiwongolero. Ameneyu anali ndi moto nthawi zonse, kaya kiyi alipo kaya palibe, kaya ndagona kaya ndaima. Ndinamukonda nthawi yomweyo. Ndinamusenda, n'kupotokola, koma tepu yokulungira ndinalibe (munthu wa magetsi wopanda tepu, ndipo palibe anafunsa). Ndinatuma mawu kwa amayi a Esnati, n'kunditumizira pulasitala wa pabala wa m'golosale. Ndinakulunga bwinobwino ngati ndikumanga chala cha mwana.

Inafika nthawi yoyesa. A Sakala anakwera, n'kukhala mowongoka, kutenga cholankhulira, kutsokomola pang'ono, n'kudina batani lake. Hutala ya vaneti inalira. Sinalire mokweza ngati mwa masiku onse ayi, inangoti mbeee, chapansipansi, ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Anasiya batani, inaleka. Anadinanso, mbeee. Mawu a amayi anatuluka bwinobwino m'wailesi, akunena kuti akumva, koma akufunsa kuti mbuziyo ndi ya yani.

A Sakala anatembenuka n'kundiyang'ana. Apa ndi pamene ndikanaulula, ndipo zonse zikanathera pansi pa mango paja, pamaso pa munthu mmodzi. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakunena kuti chimenecho ndi chizindikiro, mawailesi onse a m'magalimoto amatero kuti woyendetsa adziwe kuti mawu ake apita.

“Ya mzungu ija sinkatero,” iwo anatero.

“Yake anaika mwachikale, Atate.”

Anaganiza kanthawi, n'kuvomera kuti n'zanzeru, chifukwa munthu ungamalankhule wekha osadziwa. Madzulo ake anandipatsa botolo la zoziziritsa kukhosi la m'golosale, n'kundiuza kuti mawa ndipite nawo ku Ndola, ndikhale kutsogolo, kuti anthu a kumeneko akafunsa za wailesi ndikawafotokozere ndine.

Tinanyamuka Loweruka cha m'ma seveni. Kumbuyo kunali amayi khumi ndi awiri atavala zoyera ndi zakuda, atakhala pa mabenchi, pamodzi ndi Esnati, amene ankapita m'malo mwa amayi ake kukathandiza zophika. Tisanatuluke n'komwe mu Ndeke, a Sakala anali atalankhula kale kanayi. Anauza akazi awo pa wailesi kuti tadutsa pa msika. Anawauza kuti tafika pa tala. Anawafunsa ngati wa buledi wabwera. Nthawi iliyonse mbuzi ija inkalira, ndipo anthu a m'mbali mwa msewu ankatembenuka. Ena ankatibayibitsa poyesa ndi ukwati. Pa siteji ina anthu anathamangira vaneti ndi mitolo yawo poganiza kuti tikuitana okwera.

Panatulukanso china. Galu atadumpha msewu, a Sakala anaimba hutala yeniyeni, ndipo wailesi inazima pomwepo, amayi ali pakati pa chiganizo. Atachotsa dzanja, amayi anabwerera ali kumapeto kwa nkhani, akunena kuti, ndiye mukatero ndithu, musaiwale. A Sakala sanadziwe chimene sayenera kuiwala. Anandiyang'ananso. Ndinati hutala ndi wailesi zimapatsana ulemu, china chikamalankhula china chimakhala chete.

Titawoloka Kafue n'kuyenda pang'ono, mawu a amayi anayamba kuchepa mpaka anatheratu, kunangotsala kuwaza ngati mvula ya pa malata. Wailesi zimenezi sizifika kutali, koma a Sakala anali atauzidwa ndi mtima wawo kuti ifika mpaka ku Ndola. Anayamba kuitana akazi awo mobwerezabwereza. Anaphiri, mukundimva? Mbeee. Anaphiri? Mbeee. Kutsogolo kwathu kunali bambo wina pa njinga, atasanja matumba atatu a makala. Atamva kulira kwachilendoko kumbuyo kwake anacheuka, njinga inapotoka, n'kukagwera mu udzu, makala mbwee. Sanavulale. Tinaima, tonse n'kutsika, amayi a Chigwirizano n'kumatola makala ndi malaya awo oyera. Bamboyo ankalankhula Chibemba chothamanga, ndipo zimene ananena za ife sindingazilembe pano. A Sakala anapepesa, n'kugula thumba limodzi limene sankalifuna. Pokwera, Esnati anadutsa pafupi nane n'kunong'ona kuti ndizule chinthucho tisanafike. Ndinamuyankha kuti asadere nkhawa, zonse ndikuziona.

Chifukwa cha makalawo tinafika ku Kawama mochedwa. Tchalitchi chinali chaching'ono, choncho msonkhano unachitikira panja, pansi pa mitengo. Panali amayi ochokera m'mipingo yonse ya ku Migodi, atakhala pa mphasa mizeremizere, onse atawerama, Abusa ataimirira kutsogolo akupemphera. A Sakala anachepetsa liwiro, n'kutiuza kuti tilowe mwakachetechete ngati palibe chachitika. Pa chipata panali kangalande. Tayala lakutsogolo linalowamo, vaneti inadumpha, ndipo pansi pa chiwongolero pulasitala wanga, amene anali atafewa kale ndi kutentha, anasomphoka. Waya wosenda uja anakhudza chitsulo.

Ulendo uno sinali mbuzi. Inali hutala yonse, ndi mphamvu zake zonse, ndipo sinaleke.

A Sakala anazimitsa injini. Inapitiriza. Anazula kiyi n'kumuyang'ana m'manja ngati wawapereka. Inapitiriza. Anamenya pakati pa chiwongolero ndi chibakera. Mitu mazanamazana inadzuka pa mphasa paja n'kutembenukira kwa ife. Abusa, munthu wolimba mtima, anayesa kukweza mawu kuti amalize pemphero, ndinkaona pakamwa pawo pakuyenda ndi mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma kenako anangotseka ndi Amen amene palibe anamumva. Ana anayamba kulira. Agalu a m'komboni anayankha.

“A Magetsi,” a Sakala anandikuwira m'khutu, “chizindikiro ichi ndiye chikutanthauza chiyani?”

Ndinadziponya pansi pa chiwongolero. Kunena zoona sindinkaonanso kanthu, thukuta linali m'maso. Ndinagwira waya woyamba amene dzanja linapeza n'kukoka. Hutala inapitiriza. Ndinakoka wachiwiri, wachitatu, kenako ndinangogwira mtolo wonse ngati ndikuzula mtedza. Zinaduka zambiri, kupatula amene ndinkamufunayo, amene anali atakanirira ku chitsulo. Ndili chigonere choncho, miyendo ikupalasa panja, ndinamva boneti ikutsegulidwa, kenako kugogoda katatu, kenako bata. Bata lake linali lolemera kuposa phokoso lija.

Nditatuluka ndinapeza Esnati ataima kutsogolo kwa vaneti, nsapato imodzi ili m'manja. Anali atagogoda chingwe cha pa batire ndi chidendene cha nsapatoyo mpaka chinavuka. Anati anaonera atate ake akutero pochotsa batire. Anavala nsapato yake, n'kutenga mtanga wa mbale, n'kumapita ku zophika osandiyang'ana. Ine ndinatsala nditaima pamaso pa anthu onse aja, m'dzanja muli mawaya odukaduka, tesitala ikuonekera m'thumba. Mayi wina wachikulire pa mphasa yakutsogolo anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka, ndipo kusekako kunayenda mzere ndi mzere mpaka kumbuyo. Abusa anayambitsa nyimbo kuti atipulumutse.

A Sakala anapita kukapepesa kwa Abusa, chipewa chili m'manja. Atabwerako sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anandiuza kuti tikankhire vaneti kuseri kwa tchalitchi, ndipo kumeneko, tili awiri, anakhala pa bampala n'kundilozera pansi kuti ndikhale.

“Mwana wanga, pa mgodi paja mumagwira ntchito yanji kwenikweni?”

Ndinawauza. Ndinafotokoza za nsanza yopukutira, za madzi a m'mabatire, za mashelefu. Ndinanenanso kuti amalume anakometsa, ine n'kulephera kukonza chifukwa ndinkaopa kuti Chikatolika changa chikaphatikizana ndi ntchito yopukuta nyali, Esnati ndimutaya. Pamene ndinkalankhula ndinali nditatsimikiza kuti ndamutaya kale, ndipo ndinkaganiza za mmene ndikakwerere basi yobwerera ku Kitwe.

Anayamba kukanda pansi ndi ndodo. Kenako anandiuza kuti tsiku lina ku Mufulira mwala unatseka njira, iwo ndi anzawo anayi n'kukhala pansi kuyambira m'mawa mpaka tsiku linzake. Nyali za anzawo zinazima imodziimodzi. Yawo inakhalabe, yofiira ngati khala, mpaka owakumba anafika. Anati sanadziwe konse dzina la munthu amene anaitchaja nyali imeneyo, koma akhala akumupempherera zaka zonsezi.

“Mukananena kuti ndinu wa nyali, ndikanakupatsani mpando tsiku lomwe lija,” anatero. “Koma inu munasankha kukhala wa magetsi. Ndiye taonani magetsi anuwo.”

M'maso munali mutayamba kuyabwa, ndipo ndinanamizira fumbi.

Anthu anatiitanira makaniko wina wa pafupi, Mubemba wamfupi wotchedwa ba Mulenga. Atasuzumira pansi pa chiwongolero anaimba mluzu, n'kufunsa kuti ndani wachita zimenezi. A Sakala anayankha kuti ndi makoswe. Ba Mulenga anatola kachidutswa ka pulasitala, n'kukayang'anitsitsa, n'kunena kuti makoswe a ku Kitwe ndi aukhondo. Anagwira ntchito mpaka msonkhano unatha. Injini anaidzutsa, nyali za buleki anazibwezera, ngakhale wailesi anaikokera waya wake wautali mpaka ku batire, n'kuikapo kafyuzi, ntchito imene inamutengera nthawi yochepa kuposa imene ine ndinatha posankha lezala. Koma hutala anati yapsa, mpaka igulidwe ina Lolemba.

A Sakala anati galimoto singayende pa msewu wa Ndola popanda hutala, n'zoopsa, tinaona kale za wamakala uja. Anayang'ana uku ndi uku, kenako maso awo anaima pa ine. Esnati anakakhala kutsogolo. Ine anandiimika kumbuyo, pakati pa amayi khumi ndi awiri ndi thumba la makala, nditagwira chitsulo cha kabini ndi dzanja limodzi, kwinaku atandipatsa beseni ndi chikombe. A Sakala akaona njinga kapena munthu, ankagogoda denga, ine n'kumenya beseni ndi kukuwa kuti pipiii. Poyamba ndinkachita motsitsa. Amayi aja anati sizikumveka, munthu angafe, ndikweze. Pofika pa Kafue anali atapeka kale nyimbo yoti ine ndizilowa ndi pipiii pa malo ake, ndipo ndiyenera kuvomera kuti inkakoma. Tinalowa mu Ndeke dzuwa lisanalowe, anthu onse ali panja, ine ndikulira ngati galimoto. Amayi a Esnati anali ataima pakhomo pa golosale. Anali atamva zonse kale, chifukwa a Sakala anawafotokozera pa wailesi titangowoloka mtsinje, ndipo mawu anafika bwino kwambiri.

Ukwati unachitika chaka chomwecho. Esnati anandiuza pambuyo pake kuti ankadziwa za nyali kuyambira pachiyambi, chifukwa mwamuna wa mnzake ankalandira nyali kwa ine tsiku lililonse, koma ankadikira kuti aone ngati ndinena ndekha. Ndinamulonjeza kuti sindidzavomeranso ntchito imene sindiidziwa, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Patangopita miyezi iwiri, tili pa chakudya kwa apongozi, amayi anadandaula kuti makina awo osokera ayamba kudumpha ulusi, n'kufunsa ngati pali amene akudziwa munthu wokonza. Ndinamva mpando wanga ukusuntha, ndi pakamwa panga pakuyamba kunena kuti makina osokera si ovuta kwenikweni. Pansi pa tebulo Esnati anandiponda phazi mwamphamvu, moti ndinatsimphina mpaka Lachitatu.